A Paterson Anafunsidwa Kamodzi Kokha

Alamu anga a Paterson amakankha mabedi pachipatala chachikulu cha ku Nedlands. Ntchito yawo ndi kutenga wodwala ku wodi, kupita naye kokamuunika, kumudikira, n'kumubweza. Mukawaona m'khonde la chipatalacho, aatali, owerama pang'ono, masiki kukamwa, simungaganize kuti manja agwira bediwo anatsala pang'ono kukaimba ng'oma ku Ulaya. Sanapite. Ndikulemba izi chifukwa pa anthu amene anachititsa kuti asapite, ine ndilipo, ndipo nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Ine ndine Annastazia, mng'ono wawo wa a Gladness, akazi awo a Paterson. Tonse awiri ndife manesi. Achemwali anga ndiwo anayamba kubwera ku Perth mu 2014, ine ndinatsatira patapita zaka zitatu, ndipo mpaka lero timakhala misewu yoyandikana ku Girrawheen. A Paterson anabwera pa viza ya akazi awo. Papepala dzina lawo linali m'munsi, pamodzi ndi la mwana wawo Tayamika, ndipo ine pokhala mlamu sindinkatopa kuwakumbutsa zimenezo. Ankangoseka. Munthu wake ndi wotero, amaseka kuti nkhani ithe msanga.

Kumudzi anali munthu wodziwika. Anabadwira ku Balaka, anayamba ng'oma ali ndi zaka zisanu ndi zinayi m'kwaya ya pa parishi, ndipo atakula anaimba zaka pafupifupi makumi awiri m'mabandi a ku Lilongwe, m'maukwati ndi m'mahotela. Koma eni ake amati zaka zonsezo sanaimbeko kanthu kawokawo. Ntchito yawo inali kugwirira ena kayendedwe ka nyimbo, kuti imveke monga imamvekera pa wailesi, akwati avine, woimba kutsogolo aomberedwe m'manja. Ng'oma zawo anagulitsa pobwera kuno. Ku Perth anapeza za mpingo, muholo yomwe Amalawife timabwereka Lamulungu m'mawa, ndipo kumenekonso ntchito inali yomweyo. Chosiyana chinali chakuti wotsogolera kwaya, a Lamson, anali ndi chizolowezi chowatsitsira dzanja pakati pa nyimbo kuti achepetse phokoso.

Mliri utabwera mu 2020, boma la kuno linatseka malire, ndipo tinakhala ngati nkhuku m'khola, otetezeka koma osatuluka. Matenda kuno anali ochepa. Pofika pakati pa chaka anthu anali atayambiranso kupita kutchalitchi ndi kumalo achisangalalo, pamene maiko ena anali pamaliro okhaokha. Nthawi imeneyo ndi yomwe a Paterson anaona pa intaneti kuti wina ku Fremantle akugulitsa mbale yamkuwa ya pa ng'oma, imodzi mwa zija zimalira nthawi yaitali ukazimenya. Galimoto analibe, achemwali anali ku shifiti, choncho ndinawatenga ndine.

Tinapeza shedi yakale yosungiramo maboti kuseri kwa nyumba, m'kati muli azungu atatu. Wamkulu anali mayi wa imvi wa ku Holland, woimba sakisofoni. Nditamutchula kuti mayi anakana, ati dzina lake ndi Hilde basi. Panalinso Radek wa ku Poland, ndi chigitala choimirira chotalika kuposa mwini wake, chomwe amachitcha besi, komanso Silvio wa ku Italy, wa piyano. Linali gulu la anthu anayi loimba jazi, ndipo anabwera ku Perth mu Febuluwale kudzaimba pa chikondwerero china. Zinthu zitayamba kuvuta, mnzawo wa ng'oma anakwera ndege zomaliza kubwerera kwa mkazi wake, zida zake n'kuzisiya. Atatuwo anatsala kwa mchemwali wake wa Hilde, poti kwawo malo onse oimbira anali otseka ndipo anthu ankafa tsiku ndi tsiku.

A Paterson anatenga kamtengo n'kumenya mbale ija kamodzi. Kenako anangoima, mutu atapendeketsa. Kwa ine kulirako kunali kutatha kalekale, moti ndinatsegula pakamwa kuti tiyambe kunenerera, koma iwo anandikwezera chala kuti ndidikire. Anadikira mpaka kanthu kena komwe ine sindinkakamva katazimiririka. Hilde ankayang'ana iwo, osati mbale. Ndiye ananena m'Chingerezi chake cholemera kuti wasintha maganizo, mbaleyo sagulitsanso, koma ngati bamboyu akufuna kuiimba, abwere Lamulungu masana adzaiimbire pompano. Ine ndinapsa mtima chifukwa cha petulo wanga. 

Nyimbo za anthu amenewa ndiyenera kuzifotokoza, ngakhale poyamba sindinkavomereza kuti ndi nyimbo. Analibe pepala, analibe mutu wa nyimbo, analibe woyambitsa. Ankakhala mozungulira, kuyang'anizana, duu. Kenako wina ankatulutsa kaphokoso, mwina Silvio kukanda mawaya a m'kati mwa piyano ndi chala, mwina Hilde kungopumira m'chitoliro chake osatulutsa liwu, ndipo enawo ankalowa mmene amvera. Zinkatha theka la ola kapena kupitirira, pena ngati mkangano wa pamsika, pena ngati munthu akulira kuseri kwa chitseko. Zikamatha panalibe wopereka chizindikiro, ankangosiyira pamodzi. Zomwe aimba lero sankazibwerezanso, ndipo Hilde ankaletsa kujambula. Mafoni ankasiyidwa m'dengu pakhomo, chifukwa, ati, munthu akadziwa kuti akujambulidwa amayamba kudzimvetsera yekha m'malo momvetsera anzake.

Lamulungu loyamba ine foni yanga sindinaisiye m'dengu. Ndinaibisa m'chikwama, n'kujambula kachidutswa, ndikunong'onezamo ndemanga zanga, kuti ndikatumizire achemwali tiseke. Tinasekadi.

Masabata oyamba a Paterson anavutika. Ankadikira kuti wamkulu amalize kaye, monga tinaleredwera, koma Hilde sankamaliza. Akalowa, ankalowa ndi chizolowezi chawo cha m'maukwati, wani-thu, wani-thu, kuti awathandize anzawowo kuyendera limodzi. Tsiku lina Radek anaimitsa besi yake n'kuwauza kuti, "Sitikusowa wotiwerengera. Tikufuna kumva zomwe iweyo ukuganiza." Pobwerera anandiuza kuti chibadwire palibe anawafunsapo zimenezo, kaya pa ng'oma, kaya pena paliponse. Ndinawayankha kuti n'chifukwa choti anthu amadziwa kuti palibe chomwe amaganiza. Anaseka, koma maso awo anali kwina.

Pang'onopang'ono anasintha. Anayamba kunyamula zinthu m'thumba: tcheni cha njinga, makoko ouma a mitengo otola ku paki, nsalu yakale ya achemwali yoyala pang'oma kuti mawu ake atsike. Anaphunzira kulowa pakati pa mawu a munthu wamkulu osapepesa. Tsiku lina, ndili pampando wanga pafupi ndi chitseko ndikudikira kuti zithe, ndinamva m'kati mwa chisokonezo chija kaimbidwe ka manganje, kothyokathyoka, kakubwera n'kuthawa, Silvio akukathamangitsa pa piyano, Hilde akukalirira pamwamba. Ndinawayang'ana alamu anga ndipo sindinawazindikire. Msana unali utawongoka, kuseka kuja kunalibe, inali nkhope ya munthu amene akunena zake ndipo akumvedwa. Pambuyo pake anayamba kuimbanso m'timalo ting'onoting'ono mutauni, pamaso pa anthu makumi awiri kapena atatu okhala motalikirana, ndipo kumenekonso lamulo la mafoni linali lomwelo.

Chinthu chimodzi anandifotokozera eni ake, ndipo ndimalakalaka ndikanachisunga bwino. Ndinawafunsa chifukwa chake nthawi zina amaika timitengo pansi kwa mphindi zisanu, anzawo osawayang'ana n'komwe.

"Alamu, kumeneku ukasiya sakukodola," anatero. "Amati wasankha wekha. Kukhala chete kwakoko amakutenga ngati mawu ako, ndiye amakulemekeza. Ukafuna kubwerera, umabwerera wekha."

Mu Januwale 2021 mayi athu anamwalira ku Lilongwe, ndi matenda omwewa. Maliro tinaonera pa foni, ine ndi achemwali tili pasofa, chithunzi chikudukaduka, anthu ochepa ovala mamasiki ataima patali ndi bokosi. Kutuluka m'dziko muno kunali kovuta, kubwereramo kovutirapo. Tinalumbira kuti malire akadzatseguka, ulendo woyamba ndi wa kumanda, banja lonse, kukamanga chiliza. Aliyense anayamba kusunga masiku ake a tchuthi, ndipo a Paterson nawo anasunga. Koma patangotha sabata imodzi anabwerera ku shedi kuja, ndipo ine ndinawasungira chakukhosi. Kwa miyezi iwiri sindinawatenge pagalimoto. Ankakwera basi ndi masitima awiri, thumba lawo la matcheni pamiyendo, osadandaula.

Perth yense ankawerenga masiku kuti malire atseguke. Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinkamuona akugwetsa nkhope nkhaniyo ikamveka pa wailesi. Alamu angawo ankadziwa kuti khomo likatseguka, ife tidzatulukira kumanda, anzawo atatu aja adzatulukira kwawo.

Mu Febuluwale 2022 zinamveka kuti malire atseguka kumayambiriro kwa Malichi. Achemwali anaitana azungu aja kudzadya nkhomaliro Loweruka, ati tisawalole kuchoka osaona pakhomo pathu. Ine ndinalipo. Chakudya chili pakati, Hilde anaika foloko pansi n'kutembenukira kwa a Paterson. Anati kampani ina yaing'ono ya ku Germany ikufuna kuwajambula chimbale mu Juni, kenako ayende masabata atatu akuimba m'mizinda ingapo. Ulendo uno wokha kujambulidwa anakuvomera. Ndege ndi malo ogona alipira a kampaniyo.

"Mnzathu wakale tikhoza kumuitana," anatero Hilde. "Koma gulu lathu tsopano ndi lino. Tikufuna iweyo."

Ndinali nditakhala pafupi ndi a Paterson. Juni unali mwezi womwe tinapangana kupita kumanda. Anayang'ana achemwali, anayang'ana m'mbale mwawo, kenako anaseka kuseka kwawo kuja.

"Ayi, musavutike nane," anatero m'Chingerezi. "Ine ndine wokankha mabedi chabe. Ndiponso Juni tili ndi ulendo wa kumanda a apongozi anga. Muitaneni mnzanuyo, ndiye mwini malo."

Mmalawi aliyense akanamva zomwe ankanena. Kwathu mlendo ukamuitanira chakudya amati wadya kale, ndipo iwe umabweretsabe madzi osamba m'manja. Mkamwini sangalumphire ulendo wa ku Ulaya pamaso pa mkazi amene sanaone manda a mayi ake. Amakana, omuitanawo amaumirira, amakananso mofooka, kenako mkazi amati, "Pitani, bambo a Tayamika, kumanda tidzapita Ogasiti," ndipo aliyense amadzuka patebulo ndi ulemu wake. Achemwali anandiuza pambuyo pake kuti mawu amenewo anali nawo kale pakamwa. Ankangodikira kuti amuna awo afunsidwe kachiwiri.

Hilde anawayang'ana nthawi yaitali, misozi italengeza. "Ndamva," anatero. Radek anagwedeza mutu. Silvio anawagwira paphewa. Kenako onse atatu anakhala chete, monga ankachitira mu shedi muja wina akaika chida chake pansi, kumusiyira malo. Ine ndinali nditakhala mu shedi imeneyo Malamulungu ambiri, ndipo ndinadziwa bwinobwino kuti funso silibweranso. Chingerezi ndinali nacho. Pakamwa ndinali napo, pomwe Girrawheen yense amapadandaula. Chofunika chinali kungonena kuti afunseninso. Koma mumtima ndinati, mayi anga agona m'dothi chaka chathunthu opanda wowayendera, ndiye munthuyu apite kukamenya zitini? Ndinanyamuka kukatereka madzi a tiyi.

Kunatsala Malamulungu atatu kuti azunguwo anyamuke. Lililonse a Paterson ankavala shati yawo yabwino, ya mikono yaitali, ngakhale kunja kunkatentha. Ankaimba, ankapakira zida mochedwa, ankaima pakhomo akukonzakonza thumba lomwe linali lokonzakonza kale. Azunguwo ankawakumbatira, ankawauza kuti adzawasowa, osawonjezera kanthu. Pa Lamulungu lachiwiri ndinalephera kupirira, ndinawafunsa m'galimoto.

"Alamu, bwanji osangowauza kuti mwasintha maganizo? Foni muli nayo."

"Ndikadziitane ndekha?"

"Si munanena nokha kuti kumeneku ukafuna kubwerera umabwerera wekha?"

"Zimenezo ndi za pa ng'oma," anatero, maso ali pawindo. "Ngati akundifunadi siliyasi, anenanso."

Achemwali nawo sanachitepo kanthu. Ankaona ngati kuimbira foni azunguwo n'kuwachotsera ulemu amuna awo, ngati kuti akuwapemphera malo. Tinali atatu, tonse akuluakulu, tonse odziwa chomwe chikufunika, ndipo aliyense ankadikira mnzake.

Lamulungu lomaliza, chikumbumtima chitanditafuna mokwanira, ndinamukokera Hilde panja asanayambe kuimba. Ndinamufotokozera zonse, za mlendo ndi chakudya, za mkamwini, za funso lachiwiri. Anagwira pakamwa. Anati mnzawo wakale uja anamuimbira tsiku lomwe lija, ndipo wasiya kale ntchito ina yomwe anapeza, dzina lake lalembedwa pamapepala onse. "Koma bwanji sananene?" anafunsa. Ndisanamugwire anali atalowa kale, ndipo pamaso pa onse anafunsa monga amafunsira anthu akwawo, mosazungulira.

"Paterson, n'zoona kuti unkafuna kupita, ndipo unakana chifukwa cha mwambo chabe?"

Funso lomwe analidikira masabata atatu linafika, koma silinali lowaitana. Linali lowauza kuti avomere pagulu kuti masiku onsewa akhala akuyembekezera kunyengereredwa ngati mwana, ndipo avomere malo atapita kale. Anandiyang'ana kamodzi. Sindikuganiza kuti ndidzaiwala mmene anandiyang'anira.

"Alamu angawa amakonda nthabwala," anatero. "Tiyeni tiimbe."

Anaimba. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, chifukwa ndinali kulira, ndipo sindinabise. A Paterson tsiku limenelo sanasiye mpata uliwonse wopanda mawu awo. Anakangana ndi besi, anasekana ndi piyano, anayenda pambali pa sakisofoni ya Hilde mpaka awiriwo anatsala okha. Chakumapeto anamenya mbale yamkuwa ija kamodzi, ndipo onse anayi anadikira mpaka itazimiririka. Foni yanga inali m'dengu pakhomo.

Hilde anawasiyira mbaleyo. Ili pamwamba pa kabati kuchipinda kwawo, yokulungidwa m'nsalu yakale ija.

Mu Juni tinapita kumudzi. Chiliza chinamangidwa. A Paterson ananyamula njerwa, anasakaniza simenti, analandira alendo, anachita zonse zomwe mkamwini wabwino amachita, ndipo amalume athu anawayamikira pagulu kuti mwana wathu anakwatiwa ndi munthu. Ine ndinaima pamanda a mayi anga, omwe ndinawalirira chaka ndi theka, ndipo mtima sunatsike monga ndinkayembekezera. Ndinkangowerenga kuti lero azungu aja ali mumzinda uti.

Titabwerera ndinayesa kukonza zomwe ndinaononga. Ndinawapezera anthu ena a konkuno oimba zofanana ndi zija. Anapita kamodzi, anati ndi anthu abwino, sanapitenso. Chimbale chitatuluka Hilde anawatumizira pa positi, ndi kalata yaitali. Kalatayo anawerenga. Chimbalecho chikadali m'pulasitiki yake. Kutchalitchi akuimbabe ng'oma Lamulungu lililonse, wani-thu, wani-thu, bwinobwino, ndipo a Lamson safunikanso kuwatsitsira dzanja. Anandiuza okha a Lamson kuti masiku ano alamu anga akhwima.

Mu Disembala chaka chomwecho ndinawapeza masana ena pamalo okwerera basi ku Nedlands, ataweruka shifiti ya m'mawa, ndipo ndinawatenga. Kunali kotentha. Tisananyamuke, akumanga lamba, anafunsa osandiyang'ana.

"Alamu, kaja munajambula tsiku loyamba kaja, kakadalipo?"

Sindinkadziwa kuti amadziwa. Ndinazimitsa injini, n'kufufuza m'mauthenga akale omwe ndinatumizira achemwali mpaka ndinakapeza. Kanali ka masekondi makumi anayi. Poyamba panamveka besi ya Radek, chapatali. Kenako mawu anga, pafupi, omveka bwino kuposa china chilichonse: "Achemwali, tamvani misala ya amuna anu." Kenako kuseka kwanga, kotsekereza ndi dzanja, mpaka kumapeto. Pansi pa kusekako ng'oma zinalimo, koma zinali za tsiku loyamba, zowerengera anthu omwe sankafuna kuwerengeredwa. Pa Malamulungu onse aja, pa manganje aja, pa tsiku lomaliza lija, chomwe chinatsala padziko ndi chimenechi.

Anapendeketsa mutu, kufunafuna kanthu kuseri kwa kuseka kwanga.

"Apa ndinali ndisanayambe," anatero.

Ndinayamba kunena kuti pepani, koma anandikwezera chala kuti ndidikire. Katatha anati, "Tabwerezani." Ndinabwereza kanayi. Kenako anati tizipita, mawa ali ndi shifiti ya m'mawa.